Khadi la Banki M'thumba la Wantchito wa Kutiyi: Mmene Ndalama Zimabedwera ndi Mmene Tingazitetezere

M'dera la Mfumu Nchilamwela ku Thyolo, komwe minda ya tiyi yazinga midzi ndi misika, malipiro a anthu ambiri sakufikanso m'manja ali mu envulopu monga kale. Kalaliki wa pa esiteti, kapitawo, dalaivala, mlonda, mphunzitsi, namwino, mlimi amene amagulitsa masamba ake ku fakitale, ngakhalenso ambiri mwa othyola tiyi, ndalama zawo zimayamba zalowa mu akaunti ya ku banki kapena ya pafoni. Mwini wake amakazitapa pa ATM ndi khadi, kapena kwa ejenti wa pamsika.

Kusinthaku kuli ndi ubwino woonekeratu. Ndalama za mu akaunti sizipsa nyumba ikayaka, ndipo achifwamba sangazilande panjira yochokera kolandira. Koma kwadza ndi kuba kwa mtundu wina, kosafuna chikwanje kapena kuthyola chitseko. Munthu angathe kugona khadi lili m'thumba la malaya, n'kudzuka mu akaunti mulibe ngakhale tambala. Kuba kumeneku kumachitika motani? Mwini akaunti angachitepo chiyani payekha? Nanga ndalama zikapita, woyenera kuluza ndani, iyeyo kapena banki?

Chinyengo cha pa khadi n'chiyani?

Ndi pamene munthu wina agwiritsa ntchito khadi la banki, kapena manambala olembedwa pa khadilo, kutapa ndalama kapena kugula katundu mwini akaunti asanalole. A mabanki amachigawa pawiri. Choyamba ndi chomwe khadi limakhala m'manja mwa wakubayo: lotayika, lobedwa, losinthanitsidwa, kapena lopangidwa mokopera lenileni. Chachiwiri ndi chomwe khadi silikhalapo n'komwe. Wakuba amangodziwa manambala ake, n'kumagula zinthu pa intaneti.

Palinso kuba kwina koyandikana nako, komwe mwini akaunti amatumiza yekha ndalama atanamizidwa. Kwa woberedwayo zonsezi n'chimodzimodzi, koma pamaso pa banki zimasiyana kwambiri, chifukwa apa banki imati inangomvera zomwe kasitomala wake analamula.

Tidziwenso kuti makhadi ambiri m'Malawi muno ndi otapira ndalama zomwe munthu ali nazo kale mu akaunti. M'mayiko olemera ambiri amagwiritsa ntchito makhadi a ngongole, moti wakuba akaba amakhala waba ndalama za banki, ndipo bankiyo imathamanga. Kuno zomwe zimapita ndi malipiro enieniwo, za chimanga, za fizi ndi za feteleza.

Kumene khadi linachokera ndi mmene linafikira kuno

Khadi lolipirira zinthu linatchuka koyamba ku America. La Diners Club linatuluka mu 1950, ndipo la BankAmericard, lomwe linadzasanduka Visa mu 1976, linatuluka mu 1958. Makina otapira ndalama anatsegulidwa pa nthambi ya banki ya Barclays ku Enfield, mumzinda wa London, pa 27 June 1967. Kenaka makhadi anayamba kukhala ndi kamzere kakuda kumbuyo, kosunga zizindikiro za akaunti. Vuto la kamzereka n'lakuti zomwe kasunga sizisintha. Aliyense wokhala ndi kachipangizo kowerengera angathe kuzikopera n'kuziika pa khadi lina, ndipo makina sangasiyanitse lenileni ndi labodza.

Mankhwala ake anali kachitsulo konyezimira kamene timakaona kutsogolo kwa khadi, kotchedwa chip. Mfalansa wina, Roland Moreno, analembetsa luso limeneli mu 1974, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makampani a Europay, Mastercard ndi Visa anagwirizana za kagwiridwe kake ka ntchito. Kachitsuloka ndi kakompyuta kakang'ono. Nthawi iliyonse khadi likalowa m'makina, kamapanga chizindikiro chatsopano chomwe sichingagwirenso ntchito kachiwiri, n'chifukwa chake kukopera khadi lotere n'kovuta. Dziko la Britain linakhwimitsa njira imeneyi mu February 2006, America inatsatira mu October 2015, ndipo Mastercard inalengeza kuti pofika 2033 makhadi ake sadzakhalanso ndi kamzere kakuda. Zomwe zinaoneka m'mayiko amenewa n'zofanana: makhadi okopera atachepa, akathyali anasamukira pa intaneti ndi pa foni.

Kuno kwathu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, banki yaikulu ya Reserve inakhazikitsa Malswitch, ndipo banki ya Opportunity, yomwe inatsegulidwa mu 2003, inkapereka kwa anthu akumudzi makhadi ozindikira mwini wake ndi chala. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Mu 2015 kunabwera National Switch, yomwe inalumikiza ma ATM a mabanki osiyanasiyana kuti khadi la banki ina lizitha kutapa pa makina a banki ina. Mu 2017 a National Registration Bureau analembetsa anthu m'dziko lonse kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake.

Zotsatira zake n'zakuti akaunti ya lero ili ngati nyumba ya makomo atatu: la khadi, la foni, ndi la intaneti. Kukhoma limodzi enawo ali pululu sikuthandiza.

Zomwe zili pa khadi ndi ntchito yake

Kutsogolo kwa makhadi ambiri kuli manambala 16 ndi mwezi womwe khadilo lidzathere ntchito. Kumbuyo kuli manambala atatu otchedwa CVV. Kupatula izi pali PIN, nambala yachinsinsi yomwe silembedwa pena paliponse, komanso OTP, nambala yomwe banki imatumiza pafoni kuti igwire ntchito kamodzi kokha m'mphindi zochepa.

Pa ATM pamafunika khadi ndi PIN. PIN ya manambala anayi ili ndi mitundu 10,000, ndipo makina amatseka khadi munthu akaphonya katatu. Choncho wakuba amene watola khadi koma PIN sakuidziwa, mwayi wake ndi wochepa zedi. Koma pa intaneti PIN siifunika. Manambala 16 aja, mwezi wothera ntchito ndi CVV n'zokwanira kugula katundu m'masitolo ena, pomwe ena amafunsanso OTP. Anthu ambiri sadziwa zimenezi. Amasunga PIN mosamala, koma amalola wina kujambula khadi ndi foni mbali zonse ziwiri, osadziwa kuti chithunzicho pachokha chingathe kutapa ndalama. Makhadi ena atsopano amalipiranso zinthu za mtengo wochepa pongowayandikiza pa makina popanda PIN, moti khadi lotere likatayika liyenera kutsekedwa tsiku lomwelo.

Njira zomwe akathyali amadzera

Njira yoopsa kwambiri kwa anthu a kutiyi ndi ya wothandiza wa pamzere. Makina a ATM ndi owerengeka, ali m'matauni monga pa boma ndi ku Luchenza, ndipo masiku a malipiro anthu ochokera m'maesiteti ndi m'midzi amakumana pamenepo nthawi imodzi. Mzere umatalika, netiweki imadukaduka, a kumbuyo amadandaula. Munthu wachikulire, kapena amene zolembedwa pa makina zimamuvuta kuwerenga, amachita manyazi kuchedwetsa anzake. Pamenepo pamatulukira munthu wooneka bwino, waulemu: "Bambo, makinawa akuvuta lero, bweretsani ndikuthandizeni." Amalowetsa khadi, n'kuuza mwini wake kuti alembe PIN, maso ali pa zala. Kenaka amati makina akana, n'kubweza khadi lina la banki yomweyo, la mtundu womwewo, lenileni litalowa kale m'thumba mwake. Mwini wake amabwerera kunyumba akuganiza kuti malipiro sanalowe, pomwe winayo akutapa pa makina ena.

Apa palibe luso lililonse la makompyuta. Chomwe wakuba wagwiritsa ntchito ndi khamu, changu ndi ulemu wathu womwewu wosakana thandizo. Ku South Africa kuba kotereku n'kofala kwambiri, ndipo bungwe la mabanki a kumeneko loona za umbava, la SABRIC, lakhala likuchenjeza za iko kwa zaka zambiri. Abale athu ochokera ku Thyolo amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ayenera kusamala koposa, chifukwa mlendo amaopa kukangana ndi munthu pagulu, ndipo wopanda mapepala amaopanso kukadandaula kupolisi.

Njira yachiwiri ndi yomata kachipangizo pakamwa pa ATM kapena pa makina olipirira m'sitolo, kuti kakopere kamzere kakuda, pamodzi ndi kakamera kobisika kojambula PIN. Kubwera kwa chip kwaichepetsa, koma siinatheretu, chifukwa makhadi ambiri akadali ndi kamzereko ndipo makina ena padziko amakalandirabe. Mu May 2016, gulu la mbava linatapa ndalama zokwana pafupifupi R300 miliyoni pa ma ATM oposa 1,000 ku Japan m'maola ochepa chabe, ndi makhadi abodza opangidwa kuchokera ku manambala a Standard Bank ya ku South Africa. Khadi likhoza kukhala ku Africa, ndalama zikutuluka ku Asia.

Njira yachitatu, yomwe yakula kwambiri m'Malawi, ndi ya foni. Wina amaimba ndi mawu odekha: "Tikuimba kuchokera ku likulu la banki yanu. Akaunti yanu itsekedwa lero chifukwa simunalembetse chiphaso chatsopano. Tiwerengereni manambala a pa khadi, ndipo mulandira uthenga wa manambala, mutiuze msanga." Uthengawo ndi OTP yeniyeni yochokera ku banki, chifukwa nthawi yomweyo wakubayo akuyesa kulipira kapena kusamutsa ndalama. Mwini akaunti akangoiwerenga, wavomereza yekha. Mabodza ake amasintha ndi nyengo: mwapambana mphoto, dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa pa boda ya Mwanza, mwana wanu wagonekedwa m'chipatala. Koma onse amafanana pa zinthu ziwiri. Amaopseza kapena kulonjeza, ndipo salola munthu kudula foni kuti akafunse kwa wina.

Yachinayi ndi yolanda nambala ya foni. Wakuba amanamiza kapena kunyengerera wogulitsa simu khadi kuti nambala ya munthu wina isamutsidwire pa simu yatsopano. Foni ya mwini wake imangoti zii, yopanda netiweki, ndipo ma OTP onse amayamba kupita kwa wakubayo. Kudera la mapiri monga Thyolo, komwe netiweki imasowa kale m'zigwa zina, munthu angathe kutha tsiku lonse osakayika kanthu.

Palinso masamba abodza a pa intaneti ofalitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, olonjeza ngongole, ntchito kapena thandizo la boma, omwe amapempha manambala a khadi. Ndipo nthawi zina dzenje limakhala mkati mwa banki momwemo. Mu 2020 zinadziwika kuti Postbank ya ku South Africa inafunika kusintha makhadi pafupifupi 12 miliyoni, kiyi wamkulu wa makompyuta ake atabedwa ndi anthu a mkati. Pamenepa palibe kasitomala amene akanadziteteza, ngakhale atasamala chotani.

Khadi ngati chikole

Nkhani imeneyi timabuku ta mabanki sitiitchula kawirikawiri, koma aliyense wogwira ntchito yolandira pamwezi amaidziwa. Wobwereketsa ndalama za katapila amafuna chikole, ndipo chikole chomwe amakonda ndi khadi pamodzi ndi PIN yake. Amati: "Siyani khadi, malipiro akalowa ndidzatapa zanga, zotsala mudzatenga."

Munthu safika pamenepa chifukwa cha kupusa. Tiyi amathyoledwa kwambiri nyengo ya mvula, kuyambira cha mu December kufika April, ndipo m'chilimwe ntchito imachepa, aganyu ambiri n'kuimitsidwa. Malo olima ku Thyolo ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti, moti mabanja ambiri amadya chimanga chogula. Matenda, maliro kapena fizi zikagwa pakati pa mwezi, wakatapila ndiye amakhala pafupi. Koma khadi likachoka m'manja, wobwereka sadziwanso kuti zatapidwa zingati. Chiwongoladzanja chimawerengedwa ndi mwini ngongole yekha, zotsala sizikwanira mwezi, ndipo munthu amabwerekanso kwa yemweyo. Ena amatha chaka chathunthu khadi lawo osaligwira.

Banki singabweze ndalama zotapidwa motere, chifukwa PIN inaperekedwa mwakufuna. Komabe wobwereka ali ndi mphamvu zomwe mwina sazidziwa. Akaunti ndi yake, ndipo angathe kupita ku banki ndi chiphaso chake kukatseketsa khadi lakale n'kutenga lina. Kuchita bizinesi yobwereketsa ndalama popanda chilolezo n'kosemphana ndi malamulo a zachuma a dziko lino, ndipo lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso. Ngongole yeniyeniyo iyenera kubwezedwa ndithu, koma pamaso pa mboni, ndalama zikuwerengedwa ndi onse awiri. Banki m'khonde ndi ma SACCO ali ndi mavuto awo, koma salanda khadi.

Chofanana ndi chikole cha khadi ndi kutuma. Wothyola tiyi akajomba kuti akaime pamzere ku boma, tsiku limenelo makilogalamu ake salowa pa sikelo. Choncho amapereka khadi ndi PIN kwa mwana, mphwake, mnzake kapena wakabaza wodziwika. Ambiri mwa otumidwawa ndi okhulupirika. Koma ndalama zikasowa, nkhani imathera kwa ankhoswe kapena kwa amfumu, ndipo ambiri amangoisiya poopa kudanitsa mtundu. Kuba kotere sikulowa m'mabuku a banki kapena a polisi, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe ziwerengero zolengezedwa zimachepera poyerekeza ndi zomwe anthu akutaya.

Ndalama zikabedwa, aluze ndani?

Apa ndi pomwe pali mkangano waukulu, kuno ndi kunja komwe.

Maganizo oyamba ndi omwe mabanki ambiri amaimapo. Amati chip ndi PIN n'zolimba, choncho ngati ndalama zatuluka ndi PIN yolondola kapena OTP yolondola, ndiye kuti kasitomala anaiulula kapena sanaisamale. Amatinso atati azibweza ndalama kwa aliyense wodandaula, anthu ena angamapangane ndi anzawo kutapa ndalama kenaka n'kunama kuti aberedwa, ndipo mtengo wake ungagwere makasitomala onse. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo siyofunika kuinyoza.

Maganizo achiwiri amati woyenera kuluza ndi amene ali ndi mphamvu zokonza chitetezo. Katswiri wa pa yunivesite ya Cambridge, malemu Ross Anderson, anaonetsa kuyambira mu 1993 kuti komwe lamulo limakakamiza banki kupereka umboni woti kasitomala ndiye analakwa, mabanki amasamala kwambiri makina ndi antchito awo, pomwe komwe kasitomala ndiye amafunika kudziyeretsa, mabanki amatayirira. Mu 2010, iye ndi anzake anaonetsa poyera kuti khadi lobedwa la chip likanatha kulipira m'sitolo popanda PIN yolondola, makina n'kulemba kuti PIN yatsimikizidwa. Izi zinasonyeza kuti zolemba za makina sizikhala umboni wosatsutsika nthawi zonse.

Mayiko ena anasankha mbali. Ku America, lamulo la 1978 limati munthu akanena pasanathe masiku awiri a ntchito atadziwa kuti khadi lake latayika, sangaluze zoposa $50. Ku India, banki yaikulu inalamula mu 2017 kuti kasitomala asaluze kanthu ngati vuto silinachokere kwa iye ndipo wanena pasanathe masiku atatu a ntchito. Ku Britain, kuyambira pa 7 October 2024, ngakhale amene anatumiza yekha ndalama atanamizidwa amabwezeredwa mpaka £85,000, ndipo banki yotumiza ndi yolandira zimagawana mtengowo pakati.

Kuno tili ndi malamulo a Payment Systems Act ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act, onse a 2016, komanso Financial Crimes Act ya 2017. Malamulowa amapatsa Reserve Bank mphamvu yoyang'anira njira zolipirira, ndipo amalanga olowa m'makompyuta a ena mwachinyengo. Koma pa nkhani yobweza ndalama, zambiri zimayambira pa mgwirizano womwe kasitomala anasaina potsegula akaunti, ndi pa kafukufuku wa banki yomweyo. Mgwirizanowo umakhala wa Chingerezi cha maloya, wa zilembo zing'onozing'ono. Tisasokonezenso ndi bungwe la Deposit Insurance Corporation: ilo limateteza osunga ndalama banki ikagwa, osati akaberedwa ndi akathyali.

Poyeza maganizo awiri aja, achiwiri ndiwo akulemera kudera ngati kwa Nchilamwela. Wantchito sanasankhe yekha kulandirira ku banki, sanasankhe kuchuluka kwa ma ATM, sanalembe mgwirizano, ndipo makamera ndi zolemba zonse za makina zili m'manja mwa banki. Kumuuza kuti apereke umboni woti sanaulule PIN n'kumusenzetsa katundu amene sangamuthe. Amene anapereka khadi kwa wakatapila kapena kwa mbale wake sangaloze banki chala. Koma amene anasinthiridwa khadi pakhonde la banki masana, kapena amene nambala yake ya foni inasamutsidwa iye osadziwa, si iye yekha amene analephera.

Zina zomwe anthu amatsutsana

Ena amati kuzindikira munthu ndi chala kungathetse zonse, chifukwa chala sungachibwereketse kapena kuchiiwala. N'zoona kuti kungachepetse kutuma ndi chikole cha khadi. Koma zidindo za zala za anthu ogwira ntchito ya manja ndi za okalamba zimafufutika, moti makina amazikana kawirikawiri, ndipo zala za wothyola tiyi zimagwira ntchito tsiku lonse. Komanso PIN ikadziwika imasinthidwa, pomwe chidindo cha chala chikabedwa m'makompyuta sichingasinthidwe.

Kulembetsa simu khadi nakonso kunayembekezeka kuthetsa kuba kwa pafoni. Kunathandiza pofufuza, koma sikunathetse, chifukwa akathyali amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. MACRA inanenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni pamwezi kudzera pafoni, ndipo akuluakulu akhala akunena kuti mafoni ambiri achinyengo amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Phunziro lake kwa munthu wamba n'lakuti chiphaso cha unzika nacho n'chofunika kuchisamala. Osachibwereketsa kuti wina akalembetsere simu, ngakhale atalonjeza kangachepe.

Aliponso amene amati bola kubwerera ku envulopu. Maganizo amenewa ndi omveka kwa munthu amene anaberedwapo, koma ndalama za m'manja zikabedwa sizisiya mapazi. Za mu akaunti zimasiya nthawi, malo ndi nambala yomwe zalowera.

Zomwe mwini akaunti angachite

Choyamba ndi PIN. Isakhale chaka chobadwa, chifukwa chalembedwa pa chiphaso chomwe chimakhala m'chikwama chimodzi ndi khadi. Isakhale 1234 kapena nambala imodzi yobwerezabwereza, ndipo isalembedwe pa khadi kapena pa kapepala kokulungira khadilo. Polemba PIN, dzanja lina liphimbe, ngakhale palibe munthu pafupi. Ngati munauzapo wina, isintheni.

Pa ATM, khadi lisagwiridwe ndi munthu wina aliyense. Wofuna thandizo alowe m'banki akapemphe wogwira ntchito, kapena apite ndi m'bale amene amamukhulupirira, koma PIN alembe yekha. Khadi likatuluka, yang'anani dzina kapena manambala anayi omaliza musanachoke. Makina akameza khadi, imbirani banki muli pomwepo kuti alitseke, ndipo musamvere wonena kuti mulembenso PIN kuti lituluke. Kwa ejenti ndi m'sitolo, onani kaye ndalama zomwe zalembedwa pa makina musanavomereze, ndipo khadi lisapite kuseri kwa kauntala.

Pa foni lamulo ndi limodzi: palibe banki kapena kampani ya foni yomwe imafunsa PIN kapena OTP. Wofunsa zimenezi ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina lanu ndi malo anu a ntchito. Dulani foni, ndipo imbani nokha pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi. Nambala imeneyo ikopereni m'kope la kunyumba, chifukwa khadi likabedwa imapita nalo. Foni yanu ikataya netiweki anzanu a kampani yomweyo ali nayo, musadikire mawa. Mukasiya kugwiritsa ntchito nambala ina, dziwitsani banki, popeza nambala zosiyidwa zimadzaperekedwa kwa anthu ena.

Pali zinthu zitatu zomwe mungapemphe ku banki zomwe zimachepetsa kwambiri zoluza. Pemphani kuti uthenga uzibwera pafoni ndalama iliyonse ikatuluka. Funsani ngati angatsitse malire a ndalama zotapidwa pa tsiku. Ndipo ngati simugula zinthu pa intaneti, funsani kuti khomo limenelo litsekedwe pa khadi lanu. Amene amasunga ndalama za feteleza kapena za malata achite bwino kuziika mu akaunti ina yosalumikizidwa ndi khadi loyenda nalo.

Zikachitika

Liwiro ndilo limapulumutsa. Wakuba amatapa mpaka malire a tsiku, kenaka amadikira tsiku lisinthe pakati pa usiku kuti atapenso. Choncho tseketsani khadi pafoni nthawi yomweyo, musanayambe ulendo wa ku banki. Musafufute mauthenga, ndipo lembani nthawi ndi nambala yomwe inakuimbirani. M'mawa mwake pitani ku nthambi ndi chiphaso chanu, perekani dandaulo lolemba, tengani nambala ya dandaulolo ndi kope lodindidwa, ndipo pemphani sitetimenti. Ngati ndalama zinatuluka pa ATM, nenani kuti zithunzi za kamera zisungidwe, chifukwa sizisungidwa mpaka kalekale. Ngati zinagulira zinthu pa intaneti, banki ingathe kuzilondola kudzera ku Visa kapena Mastercard, koma nthawi yake ili ndi malire. Kanenenso kupolisi ndi ku kampani ya foni.

Banki ikakana kapena ikakhala chete, nkhani siithera pamenepo. Dandaulo lingapite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso limamva madandaulo a ogula. Chenjeraninso ndi woimba foni pambuyo pake wolonjeza kubweza ndalamazo mukalipira kaye kenakake. Kawirikawiri amakhala a gulu lomwelo.

Manyazi ndiwo amatseka anthu pakamwa. Amene anaberedwa amaopa kusekedwa ku ntchito ndi kunyumba, ndipo wakuba yemweyo amabwerera pamzere womwewo mwezi wotsatira. Koma aphunzitsi, akalaliki ndi anthu ophunzira kwambiri nawonso amaberedwa ndi njira zomwezi.

Eni maesiteti, bungwe la antchito a m'minda la PAWU, mafumu ndi mipingo ali ndi anthu pamaso pawo sabata iliyonse, ndipo mphindi khumi zofotokozera zimenezi m'Chichewa ndi m'Chilhomwe zingapulumutse malipiro a mabanja ambiri. Mabanki omwe amalandira malipiro a antchito a kutiyi aike wogwira ntchito wawo wa yunifolomu pa ATM masiku a malipiro, afikitse ma ejenti pafupi ndi maesiteti, ndipo alembe mgwirizano wa khadi m'chinenero chomwe osainawo amamva. Reserve Bank nayo iike poyera lamulo lomveka lonena masiku omwe munthu ayenera kudandaulira ndi ndalama zomwe ayenera kubwezeredwa. Inu amene khadi lanu lili m'manja mwa munthu wina lero, kaya ndi wakatapila kaya ndi m'bale, pitani ku banki ndi chiphaso chanu malipiro ena asanalowe.